Phiri Limene Ndinaliyatsa ndi Pakamwa

Lachiwiri, 18 Juni 1991
Kuzizira. Wailesi ya pagolosale ku Songani yati ku Filipinzi phiri laphulika, phulusa mpaka kubisa dzuwa. Yangonena mwachidule ngati mawu ikugula. Ine Tobias, zilembo izi zotolera kusukulu ya kwacha imvi zitamera kale, koma nkhani sindiilola kuyenda maliseche. Ndaiveka. Ndathiramo napolo wa ku Phalombe uja, kenako ndaloza utsi paphiri la Malosa, ndauza anthu kuti nalonso layamba. Utsi wa ootcha makala, ndikudziwa bwino. Mayi wa zitumbuwa mpaka kupsereza. Pobwerera mwendo wanga wanyamakazi sunapweteke n'komwe.

Loweruka, 22 Juni
Ganizani sanabwere kudzaumba njerwa. Mnyamata wofuna kukwatira Janeth, mwana wa achemwali anga, ine nkhoswe yake. Nyumba amanga pano pathu, chikamwini, patsinde penipeni pa phiri. Chikombole chauma padzuwa.

Lolemba, 24 Juni
Kani a Mateyo, amalume ake a Ganizani, analipo ku Songani, kumbuyo kwa gulu. Anthu a kuchigwa cha Chilwa, phiri amangolionera patali. Akuti mwana wawo sangamange pansi pa phiri limene nkhoswe yomwe ikuti liphulika. Janeth madzi wangondiikira pakhomo, osagwada. Iness, mkazi wanga: "Anzanu tchire amayatsa ndi machesi, inu ndi lilime."

Lachinayi, 27 Juni
Ndapita kwa a Stewart, aphunzitsi a kusekondale. Ine nkhalamba kukhala pansi, makutu tcheru. Akuti pansi pa nthaka, kutali, miyala imasungunuka ndi kutentha, n'kumakwera m'ming'alu. Ikakhala yamadzimadzi imangoyenderera ngati phula la pamsewu, phiri lake lotambalala, lofatsa. Ikakhala yolimba imatsekereza mpweya, tsiku lina phuu. Limenelo ndiye lalitali losongoka, la pawailesi lija. Palinso tating'ono, mulu wa makala ndi phulusa ngati chulu. Nanga lathuli? Akuti mwala wake unasungunukadi kalekale, koma unazizirira m'kati osatuluka, mvula n'kukokolola dothi la pamwamba. Lilibe ndi pakamwa pomwe. Phiri lopanda pakamwa, mnansi wake ine.

Lamulungu, 30 Juni
Titaweruka kutchalitchi, ulendo kwa a Mateyo, njinga yobwereka. Ndafotokoza zonse mwaulemu, manja pamaondo, mawu pansi. Iwo kungondiyang'ana. "Ku Songani manja anali m'mwamba, maso ali psuu. Lero mukuyankhula ngati mukubisa maliro." Ndabwerako chimanjamanja. Bodza ndinalinena bwino, choonadi ndachinena ngati wodwala mano.

Lachitatu, 3 Julaye
Janeth walira kuseri kwa nkhokwe. Ndamva ndili m'chimbudzi, ndakhalitsamo dala. Iness watsekera thobwa m'chigubu, akuti lisatsegulidwe mpaka Loweruka, ndipo ndikaitane a Mateyo. Akuti poti ndine wa zisudzo, ndikonze ndi zisudzo.

Loweruka, 6 Julaye
Abwera a Mateyo atavala jekete la ukwati wa wina, ndi Ganizani yemwe. Lero manja ndawamasula. Uchi pambale, kuyenderera pang'onopang'ono: phiri lofatsa. Phulusa kamulu: kachulu kaja. Kenako chigubu. Ndachikhutchumula, ndazungulira nacho bwalo, mawu a wailesi ndi a ine pamodzi. Chitsekero sindinachigwire n'komwe, chachoka chokha. Thobwa lonse pajekete la a Mateyo, lina m'khutu. Mumtima ndati ukwati ndaupha kachiwiri. Msangamsanga ndavundukula mbale yomaliza, phala la dzulo loumira m'katimo, ndati gogodani, Malosa ndi ameneyu. Agogoda ndi chala. "Ndiye mwana wanga akamange pansi pa phala logona?" Woyamba kuseka Janeth, kukhitchini. Jekete achapa Iness, ndipo akuti sopo wake ndigula ndine.

Lachisanu, 9 Ogasiti
Uvuni wa njerwa wayatsidwa dzulo. Ganizani maso ofiira, Janeth akumutengera mbatata. Utsi wakuda bii, ukuoneka mpaka kumsewu. Masana mlendo wopita ku Mishoni waima, wafunsa kuti kukupsa chiyani kuphiriko. Munthu wa nkhope yomvetsera bwino, wosafulumira. Lilime layabwa. Ndayang'ana uku ndi uku, Iness ali kudimba. Ndangoti khalani pansi kaye achimwene, mwachokera kutali.