Nkhokwe za m'Foni ya Alamu Anu

Madzimoyo, Chipata
21 Novembala 2025

Okondedwa akulu anga a Mainess,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino ku Kasenengwako. Musadabwe kuona kalata ngati kale. Nkhani iyi sindingaikambe pa foni alamu anu a Matiyasi ali pambali, makutu ali tcheru.

Mwana wathu Mphatso anawaikira gemu ina m'foni. Muli tianthu tomanga mudzi, ndipo ntchito ya alamu anu ndi kulamula posungira katundu: matabwa paokha, miyala payokha, zitsulo pazokha. Mukudziwa kuti chisiyireni ntchito yosunga katundu ku kampani ya thonje ija ankangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku. Nditawamva akusekanso, ndinati asiyeni asewere.

Tsiku lina pochokera ku kwaya ndinapeza nyumba yasanjidwa ngati m'fonimo. Mapoto, loko, pampu ya njinga ndi lumo zili pakona imodzi, akuti zitsulo. Mthiko ndinaupeza pamodzi ndi mpando ndi mtanda wapakhoma, akuti mitengo. Makasu onse anali atawagulula mipini.

Ndinati, "Bambo a Mphatso, nanga khasu lalakwanji?"

Iwo amvekere, "Mayi, mutu ndi chitsulo, mpini ndi mtengo. Sizigona pamodzi izi. Dongosolo!"

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma kuseka kunatha Lachiwiri mvula itagwa. Ndinakwera pampando kuti nditsitse mtedza wanga wa mbewu, chalimbana uja ndinausankha umodziumodzi n'kuumanga m'chitenje kudenga. Ndinapeza chitenje chokha, chopindidwa bwinobwino, chili pamulu wa nsalu. Mtedzawo anaukhuthulira kalekale m'thumba la wakudya.

"Mtedza ndi mtedza," anatero, koma mawu ali pansi.

Akulu anga, thumba limenelo ndi lomwe ndakhala ndikusinja mwezi wonse. Repu wotendera uja azimayi a kwaya ananyambita zala, inali mbewu yanga. Ineyo ndi manja angawa ndinawaonjezera kachiwiri! Watsala mtedza wofwapa wosadzaza n'kapu yomwe.

Ndinakalipa, sindinama, mpaka agalu a kwa aneba anathawa. M'mawa mwake ndinapeza makasu abwezeredwa mipini, alamu anu ali kumunda okhaokha. Mizere apanga yoongoka ngati ajambula ndi rula, koma tilibe choti tibzalemo. Nditawaona atatsamira khasu, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana mizere yopanda kanthuyo, mkwiyo unandithera, ndinangowamvera chisoni. Munthuyu sanafune kutipweteka, anangosowa ntchito yoti azioneka nayo munthu.

Choncho ndagwira mwendo wanu. Ndithandizeni mbewu, ngakhale ndowa imodzi, chinyezi chisanathe. Mupatsire a Howard a minibasi, koma akasiye kwa aneba athu amake Yosefe. Isafike pakhomo pano ine kulibe, ingapezekenso mumtondo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Alamu anu akuti moni, koma akutero atazolika. Foni sanaikhudzenso chichitikireni zimenezi. Dzulo Mphatso anaitsegula kuti aone mudzi wa atate ake. Anapeza tianthu tonse tafa ndi njala, miyala ili ndondondo, yosanjidwa bwino zedi.

Mbewuyo ifike msanga, akulu anga, kuti ife tisatsatire tianthu timeneto.

Ndine mng'ono wanu,
Sesiliya