Bulangeti Lagonanso ku Dimba

Achimwene,

Za bulangeti mwafunsazo, linafika, yewo chomene. Koma ndiyambe ndakupatsani moni, inu ndi alamu ku Joni kumeneko. Kuno ku Thazima tili bwino, kupatula adada, akutsokomola.

Ndiyambire pati? Eya, chisanu. Chaka chino chatsika msanga kuchokera ku Nyika. Kunawaza kamvula, kenako kumwamba kunayera, m'mawa mwake udzu wonse unali mbuu ngati wina wathira ufa. Nyemba za anthu m'madimba zinawauka.

Adada ataona choncho anayamba kumatenga bulangeti lanu lija madzulo, kukafunditsa nazale ya tomato, iwo n'kumagona ndi chitenje cha amama. Ife sitimadziwa. Ndinalipeza ine m'mawa popita kotunga madzi, litauma gwaa ndi chisanu. Ayi, ndisaname, anayamba kuliona ndi a NyaGondwe, oyandikana nafe dimba aja, ndiwo anandiitana.

Nditawafunsa adada anangoti, "Ine m'nyumba ndili ndi moto, tomato alibe." Kuchipatala akuti n'chibayo chongoyamba kumene, awapatsa mapiritsi, ati azifunda. Koma dzulo bulangeti lagonanso ku dimba. Ife satimvera. Chonde muwalembere inuyo, mwina amva. Mulungu akusungeni pa ntchito yanuyo.

Ndiwonjezeko ichi. Lero a NyaGondwe anawapeza adada akupinda bulangetilo pa nazale paja, akutsokomola. Mayiwo anayang'ana mbande zija n'kunena kuti, "Tomato wabwino chomene, adada. Akafiira tidzaphikira anthu obwera pa maliro anu."