Gadiyani Wopanda Wodwala

Lolemba, 11 Novembala 2024

Miyezi iwiri chimwalirireni amuna anga, a Manuel. Ndidakali pano, pa shedi ya magadiyani kuseri kwa chipatala. Akandifunsa ndimati wodwala wanga ali ku wodi ya abambo. Bodza. Wodwala wanga ali kumanda ku Nkopola, ndipo nyumba abale awo anaikapo loko wawo tisanasese n'komwe.

Kutentha. Mitambo yakuda mbali ya Namwera, mvula osagwa.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mlonda wamata chipepala pageti. Kuyambira Lolemba likudzali gadiyani aliyense azionetsa khadi la wodwala wake. Wopanda khadi, kunja. Mnzanga Alima sadziwa kuwerenga, ndamuwerengera. Naye ali ngati ine: mwana wake anamwalira mu Ogasiti, mwamuna anamupatsa talaka yothetsa ukwati, kwawo ku Chowe akuchita manyazi kubwererako. Timafunda chitenje chimodzi.

Lachinayi, 14 Novembala

Alendo awiri lero.

M'mawa mayi Mtisunge a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Nsapato zafumbi, fayilo kukhwapa. Nditaulula kuti ndilibe wodwala sanandikalipire. Akuti kuli nyumba ya bungwe lina yosunga amayi osowa pokhala, miyezi itatu, amaphunzitsanso kusoka. Koma pafomu pakufunika chiphaso cha unzika. Ndilibe. Amayi anandibereka akuthawa nkhondo, kutsidya kwa malire kapena kuno, iwonso sankadziwa bwino. Dzina lokhali, Conceição, limandigulitsa. "Mubwere ku ofesi, tikaone njira," anatero.

Masana a Shafi. Galimoto yoyera, magalasi akuda. Akufuna amayi ochapa ku loji ina ku Chembe. Chiphaso ayi, fomu ayi, pogona pompo. Anatigulira zakumwa zozizira. Maso awo sanali pankhope zathu.

Loweruka, 16 Novembala

Alima wapita ndi a Shafi. Malo analipo amodzi, anga akuti Lachitatu. Wandisiyira poto.

Lolemba, 18 Novembala

Atitulutsa, anthu asanu ndi mmodzi, katundu pamutu. Ndapeza khonde la sitolo pafupi ndi mlatho. Mwini wake akuti ndizichoka asanatsegule.

Foni ya Alima siikupezeka. Ndafunsa mayi wina wogulitsa usipa, wa ku Chembe konko, za loji ija. Sanaimvepo.

Lachiwiri, 19 Novembala

Ku ofesi. Ndaima pakhomo. Bwanji akandikweza galimoto ya ku Chiponde, kukandisiya pachipata cha dziko lomwe sindilidziwa? Ndalowabe. Mayi Mtisunge akuti kalata yaubatizo ya ku parishi ndi mboni ziwiri n'poyambira, za chiphaso tiziyendera limodzi. Bedi lipezeka Lachisanu.

Lachisanu n'kutali.

Lachitatu, 20 Novembala

Mvula yoyamba, yamkuntho. Zonse zanyowa, kope lokhali ndinalibisa m'bulauzi.

Galimoto yoyera yaima kutsidya kwa msewu kuyambira m'mawa. A Shafi sindinawauzepo kumene ndikugona. Anatsitsa galasi pang'ono: "Mnzanu uja akukufunsani." Ndinati mutu ukundipweteka. Anaseka. Anati palibe vuto, abweranso mawa.

Atangochoka ndathamangira ku ofesi, mapazi ali matope okhaokha. Ndafotokoza za loji, za foni, nambala ya galimoto yomwe. Mayi Mtisunge anasiya kulemba. Anaimba foni ziwiri ataimirira, nkhope itasintha. Kenako: "Tengani katundu wanu. Za Lachisanu zija tiiwale."

Loweruka, 23 Novembala

Masiku atatu m'nyumba ya amayi. Mpanda wanjerwa, geti lokhoma, bedi lachitsulo. Tilipo naini. Dzulo ndapalasa makina osokera koyamba, ndathyola singano. Apolisi andifunsa kawiri. Galimoto ija sinaonekenso paliponse.

Lero kwabwera mayi ake a Alima kuchokera ku Chowe. Okalamba, mpango woyera, m'manja jumbo ya mango oti apatse mwana wawo. Anawalozera kuno ndi a kuchipatala. Anandigwira manja onse awiri. "Inu ndiye munali naye. Anapita bwanji osatsanzika?"

Ndinati sindikudziwa.

Mango andisiyira. Ali pansi pa bedi, sindinawakhudze.

Apolisi sindinawauze. Mayi Mtisunge sindinawauze. Ndilembe muno mokha. Loweruka lija a Shafi anasankha ine, osati Alima. Chitseko cha galimoto anali atanditsegulira kale. Mtima unandiuza kuti ayi. Ndinatembenuka, ndinati kwa Alima, tsogola iwe mnzanga, ukaone kaye.