Chidole Chovala Dilesi ya Kanyerere

Lolemba, 4 Malichi

Kanyerere wayamba kuyenda. Dzulo kuchoka pa bedi kufika pa mpando. Lero kuchoka pa mpando mpaka pakhomo, manja m'mwamba, dzandidzandi ngati woledzera. Amake nthungululu. Ine mtima m'mwamba.

Khomo lathu ndi msewu n'zogundana. Ukatsika pa sitepe, kangalande, kenako tala. Mpanda palibe, bwalo palibe. Kale sindinkadandaula, unali msewu wa njinga ndi agalu. Koma chiyambire kukumba msewu waukulu uja, galimoto zonse zikudutsa kuno. Ndi za kuntchito kwathu zomwe, zopanda dalaivala zija.

Ndimazidziwa bwino, wozitsuka ndine. Masanzi a anthu, chingamu kunsi kwa mipando, zonse ine. Maso ake ndimapukutanso ndine, timagalasi tating'ono kutsogolo, m'mbali ndi padenga. Akuti imaonera momwemo. Tsono Chindevu, mnzanga wolowa masana, amapukuta masowo ndi kansanza komwe wapukutira matayala. Ndamuona ndi maso angawa. Galimoto ya manthongo m'maso, kudutsa pakhomo panga.

Mwanayo mutu wake sufika ndi pa bampala pomwe.

Lachitatu, 6 Malichi

Kunabwera alamu, achimwene awo a amake Kanyerere. Foni m'manja ngati inamera pomwepo. Nditawauza nkhawa yanga, kuseka. "Alamu, nzeru mumazitsuka tsiku ndi tsiku koma sizikulowani. Funsani Adziwazonse." Ndi mmene amatchulira chinthu cha m'foni chija, choyankha mafunso. Amakenso amachifunsa, za mano a mwana, za zidzolo.

Kulemba pa foni ndimachedwa, ndiye ndinachita kulankhula. Ndati, kodi galimoto yodziyendetsa imamuona mwana wolekeza m'mawondo? Kuyankha kwake kosaganiza n'komwe, mawu osalala ngati a pawailesi. Eya imaona, ili ndi maso ambiri, siitopa, siiledzera. Ndi zina zambirimbiri. Ndinachidula chisanamalize.

Alamu atapita ndinabwereka foni ya amake n'kutembenuza funso. Ndati, si zoona kodi kuti galimoto zimenezi siziona ana aang'ono? Chati, "Mwanena mfundo yabwino. Nthawi zina zimavutika, makamaka kukamada kapena magalasi akada."

Ndiye zoona n'ziti? Masana eya, madzulo nthawi zina. Ngati alamu omwewo, amavomereza aliyense amene wawagulira botolo.

Ndinachifunsa ngati chili ndi mwana. Chati ayi. Basi, tamvana.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndafunsa a kapitawo pa nthawi yopuma. Osandiyang'ana n'komwe. "Zimenezi zimagunda anthu ochepa kuposa iwe ndi ine titagwira chiwongolero. Iwe zipukuta." Ochepa. Ine mwana ndili naye mmodzi. Pa ochepawo akakhalapo iyeyo?

Madzulo kwa eni nyumba, kukapempha kuti ndikhome kachitseko kakafupi ka matabwa pakhomo. Akana. "Felemu imeneyo ndi yatsopano. Msomali umodzi wokha, mukasake nyumba kwina."

Kutseka chitseko chachikulu masana sizingatheke. Chipinda n'chimodzi, windo ngati bowo la mbewa, ndipo amake amasoka pa makina, amafuna kuwala. Akapanda kusoka, malipiro anga okha satifikitsa kumapeto a mwezi.

Ndapingasa mpando pakhomo. Wadutsa kunsi kwake. Dzina lija sitinalakwitse.

Loweruka, 9 Malichi

Zongomva ndatopa nazo. Tayala sulifunsa ngati lili ndi mpweya, umalimenya chidendene.

Amake anapita kukapereka zovala kwa makasitomala. Ndinatenga kadilesi kachikasu ka Kanyerere, komuthina kaja, n'kulongamo zidutswa za nsalu. Mutu wa sokosi, kachipewa kake pamwamba. Kamtengo kumsana, kozika m'chitini cha mchenga kuti chidolecho chiime. Msinkhu ndinayezera pa mwini wake. Ndendende. Ineyo nditachiyang'ana ndinkangoona Kanyerere.

Mwana ndinamukhazika m'nyumba ndi masipuni, akuimba ng'oma pa poto. Chidole pakati pa msewu. Ine kuseri kwa pholo la magetsi.

Galimoto yoyamba inaimira patali. Phee. Kudikira. Kenako kulambalala pang'onopang'ono ngati munthu wovala nsapato zatsopano pa matope. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinachigoneka chafufumimba ngati mwana wagwa. Inaimanso.

Ndikanayenera kusangalala. Koma kunali dzuwa, ndipo za m'mawa ndi zotsuka ine, maso mbee. Za Chindevu zimatuluka madzulo. Mayeso enieni ndi amenewo.

Chidole ndabisa kunsi kwa bedi.

Lachiwiri, 12 Malichi

Zoipa. Sindilemba lero.

Lachitatu, 13 Malichi

Dzulo. Kamvula kowaza, dzuwa likulowa. Amake anati akukagula ulusi ndi zipi, ndisamale mwana. Ndinati mwayi ndi uwu: kwayamba kuda, matope, galimoto za Chindevu.

Ndangochiimika chidole, ndabisala, nyali zikubwera. Sindinadziwe kuti sitolo anaipeza yotseka. Amake anatulukira pa kona. Kadilesi kachikasu pakati pa msewu, kachipewa, galimoto ikubwera.

Kukuwa kwake sindinakumvepo chibadwire. Anathamangira kutsogolo kwa galimoto, anagwa, anadzuka, n'kuchinyamula. Mutu wa sokosi uja n'kuthothoka, kugwera pa tala. Anangoima chogwira nsanza m'manja, pakamwa yasa.

Galimoto inaima. Inaimira chidole kapena iwowo, sindikudziwa. Ndiye ngakhale yankho langa sindinalipeze.

Mkati munali bambo wina wa tayi, anatsitsa windo: "Amisala inu, mukufuna kutiphetsa?" Anthu anatuluka m'nyumba. Mayi ogulitsa tomato aja, aneba athu, kuseka mpaka kugwira nthiti: "Abambo a Kanyerere, wachiwiriyu mwabereka nokha?"

Amake sanakalipe. Bola akanakalipa. M'nyumba akutsuka bondo losupuka anangoti, "Galimoto inaima. Wandigunda ndinu."

Ndimafuna kukachitaya kudzala. Kanyerere kuchigwira mwendo, kulira koti nyumba igwe. Amake anachilanda, n'kusokerera mutu uja, n'kumupatsa. Akuchitcha Nana. Akugona nacho.

Ine akundiikira chakudya patebulo ngati mlendo.

Lachisanu, 15 Malichi

A kapitawo anandiitana ku ofesi. "Bwera udzaonere filimu yako, wasanduka katswiri."

Kani maso aja samangoona, amasunganso. Pa kompyuta, msewu wathu, tsiku la Loweruka lija. Ineyo chowerama, matako ku kamera, kuimika chidole, kenako liwiro la kupholo ngati wakuba nkhuku. Chindevu anasuzumira pakhomo, misozi mbwembwembwe ndi kuseka. A kapitawo osaseka. Ndikadzabwerezanso, ntchito yatha. Ndinati ndamva, bwana.

Anabwezanso filimuyo kuti ndichite manyazi bwino. Apa m'pamene ndinaona m'mphepete mwa chithunzi. Khomo lathu. Kanyerere ali pa sitepe, mwendo umodzi watsitsa kale, akuwomba m'manja. Kompyuta inali itamujambulira kabokosi komuzungulira. Chidolenso kabokosi kake. Inenso kanga.

Ine ndinkati ali m'nyumba ndi masipuni. Galimoto inamuona. Bambo ake ayi.

Ndinapempha kuona filimu ya Lachiwiri, ya mvula ija, ngati kabokosi kanabweranso. Akuti imeneyo si yanga, ndituluke. Bwanji akungoonetsa ya dzuwa yokha?

Kunyumba ndinabwerekanso foni. Amake anangoikankha ndi chala. Funso loyamba lomwe lija, koma lero ndinachisiya chilankhule mpaka chitope. Kumapeto kwenikweni chati musadalire galimoto, tchingani pakhomo, mwana asazolowere msewu. Mwina chinanenanso tsiku lija. Nanga mawu ofunika amaika kumchira? Munthu nyumba ikapsa amayamba ndi moni?

Ndati ndingatchinge bwanji popanda msomali. Chati kuli timageti ta ana togula, tongopanikiza pa felemu. Chonena motsimikiza ngati chinakaona dzulo.

Loweruka, 16 Malichi

Ndazungulira masitolo a zitsulo mpaka mapazi kutentha. Kageti kopanikiza palibe amene akukadziwa. Wina anandionetsa khola la nkhuku. Wina anati, "Achimwene, mwana amatchingidwa ndi amake, osati geti."

Ndauza Adziwazonse kuti kulibe. Chapepesa bwinobwino, n'kunena kuti ndiyese kupingasa mpando.

Lamulungu, 24 Malichi



M'mawa ndinali kuseri, ndikumeta ndevu pa kagalasi. Makina a amake akulira, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Kenako ndinazindikira kuti poto sakulira. Masipuni zii.

Ndinatulukira sopo ali kumaso. Mpando uli pomwepo. Mwana palibe.

Pakati pa msewu. Wamukoka Nana mpaka pa malo omwe aja ndinkamuimika, wamukhazika, iye waima pambali pake. Kadzanja m'mwamba. Kutsogolo kwake galimoto yoyera, yopanda munthu aliyense mkati, itaima phee, nyali zikuphethira. Kudikira. Kanyerere anatembenuka, n'kundiona, n'kuseka mano ake awiri aja. Amafuna ndimuwombere m'manja.

Mmene ndinamufikira sindikukumbuka. Ndikukumbuka kuti ndinamufinya mpaka analira, ndipo galimoto inatilambalala mwaulemu ngati palibe chachitika.

Amake anaima pa sitepe, ulusi uli pakamwa. Anangoti, "Waphunzira kwa bambo ake."

Galimoto inaima. Vuto lake ndi limenelo. Panopa mwana wanga akudziwa kuti ukaima pamsewu, galimoto imaima, ndipo ndi masewera okoma. Koma pano pamadutsanso lole ya mchenga m'mawa uliwonse, dalaivala foni kukhutu, chigongono pawindo. Njinga zamoto za anyamata aja. Amenewo sajambulira munthu kabokosi.

Ndipo ngakhale yoyera ija. Lero yaima. Ya mawa, yopukuta Chindevu, mvula ikugwa?

Ndinafunsa foni kuti chinthu chikalowa m'mutu mwa mwana umachichotsa bwanji. Chinayamba kuyankha nthawi yomweyo, mawu osalala omwe aja, ngati ndafunsa mtengo wa sopo. Ndinaivundikira patebulo.

Ndazula matabwa a bedi. Hamala yobwereka kwa mayi a tomato, misomali yakale yowongola pa mwala. Ndili mkati mokhoma, eni nyumba anatulukira, manja m'chiuno. "Ndinati chiyani ine? Mwezi ukatha tionana." Ndinati chabwino bambo, tapatukani pang'ono mukunditchinga kuwala. Ndinakhoma wina.

Amake anabwera kudzandigwirira thabwa. 

Lolemba, 25 Malichi

Tagona pansi, matiresi pa simenti. Msana ukuwawa. Kachitseko kalimba, ndakagwedeza ndi mphamvu zanga zonse. Kakumulekeza m'chibwano.

Nana ndamuponya padenga. Kanyerere akuti watha tsiku lonse atagwira matabwa, kusuzumira pa mpata. Galimoto ikadutsa, kadzanja m'mwamba.

Kuntchito ndamupatsa Chindevu kansalu katsopano, koyera, ndati aka n'ka maso okha. Wati, "Zikomo, bambo a chidole." Wakapisa m'thumba. Potuluka ndinamuona akupukutira thukuta.

Alamu atumiza uthenga, akuti mwaona, galimoto inaima, tinkanena ife. 

Amake apita kwa eni nyumba kukapepesa, akuti iwo amadziwa kulankhula, ine ndingawonjezere moto. Tikathamangitsidwa, nyumba yotsatira ikhale ya kumapeto, kosafika galimoto. Kaya iliko.

Ndatsala ndi mwana. Wakhala chete kwa kanthawi. Ndikumva chinthu chikukhwekhwereza pa simenti, kulowera kukhomo. Chidebe chochapira chija. Akachivundikira n'kukwerapo, kachitseko kamulekeza m'chiuno. Ndisiye kulemba.