Kabokosi ka Bambo Zingwe

Lamlungu, 9 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi mpando wa pulasitiki umene ndimakhalira tsiku lonse. Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni mumati "uli bwanji?", ine n'kuti "ndili bwino," kenako mwana walira kumeneko, basi tatsanzikana.

Ntchito ndi yomwe ija. Ofesi ya maloya imanditumizira mawu ojambulidwa, ine n'kuvala mahedifoni, n'kumataipa zonse zimene anthu alankhula. Abwana anga sindinawaonepo, ndimangowadziwa mawu. Ndimagwirira m'chipinda chomwe ndimagona. Tebulo lili pakati pa bedi ndi zenera, ndipo zeneralo linayang'ana khoma la nyumba ina.

Mwezi watha ndinatsala pang'ono kuchotsedwa. Laputopu yanga inayamba kutulutsa phokoso m'mahedifoni, sssss, ngati mvula yowaza pa malata. Ndinkangopirira. Ndiye kunabwera mawu a mayi wina wolankhula motsitsa, akufotokoza za mng'ono wake amene anathawa nkhanza kubanja. Iwo anati, "Sakufuna kubwerera kwa mwamunayo." Phokoso lija linameza chilembo choyamba, ine n'kutaipa kuti "Akufuna kubwerera." Abwana anaziona pepala lisanapite patali, n'kundiimbira.

"Mayi, mukudziwa kuti chilembo chimodzichi chikanabweza munthu kumene anathawa?"

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Konzani makina anu. Zikachitikanso, tisiyana."

Nditadula foni ndinakhala pabedi. Ndinkafuna kuuzako munthu, koma woyandikana nane khomo ndimangomudziwa ndi nsapato zimene amasiya panja.

Wokonza mafoni wapakona anandilozera kasitolo kena kopanikizika pakati pa telala ndi wodula makiyi. Mwini wake anthu amangowatchula kuti Bambo Zingwe, ndipo mukawaona simungafunse chifukwa: zingwe m'khosi, zingwe m'thumba, ngakhale magalasi awo anamangirira ndi waya. Ndi bambo achikulire, a dazi. Anayesa mahedifoni anga pa makina awo, n'kupukusa mutu.

"Awa alibe mlandu. Kompyuta imasunga mawu ngati manambala. M'katimo muli kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu oti khutu limve, koma kanuka n'kachabechabe, kamatola phokoso la magetsi. Mufunika kapanja, kolumikiza ndi chingwe. Timati DAC."

Anayala zitatu pa kauntala. Kena kakang'ono ngati chala, kotchipa. Kena kabokosi kakuda konga sopo, kokhala ndi chopotokolera voliyumu. Lachitatu linali libokosi lonyezimira, la timagetsi ndi mabowo ambirimbiri, mtengo wake wochititsa chizungulire.

Ndinayesa zonse ndi mawu a mayi aja. Kakang'ono kanachotsa phokoso, koma mahedifoni anga ndi aakulu ndipo kanalibe mphamvu zowakankhira, moti mayiwo ankamveka ngati ali kuseri kwa chitseko. Nditayesa kabokosi kakuda, Achemwali, ndinadzidzimuka. Anali ngati akhala pambali panga. Ndinamva "sakufuna" bwinobwino, ndinamvanso akumeza malovu asanalankhule. Libokosi lalikulu ndinalimvetsera kwa nthawi yaitali, ndikuopa kuoneka wosadziwa zinthu.

"Bambo, mundikhululukire, ine sindikumva kusiyana."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Inenso sindikumva, mayi. Limeneli ndi la anthu omvera ndi maso. Inu mukufuna mawu a munthu amveke, ndi chopotokolera choti mukweze akamanong'ona. Zinazo mungolipirira mabowo amene simudzalowetsamo kanthu."

Munthu wanzeru akanagula pomwepo. Ine ndinati ndikaganize kaye. Anandilangiza kuti pakadali pano ndizichotsa chaja ndikamagwira ntchito, phokoso lizichepako, ndipo zinathandizadi.

Loweruka lotsatira ndinapitanso. Ndinafunsa ngati kabokosiko kamatentha. Anati ayi, n'kundipatsa tiyi m'kapu yothyoka chogwirira. Loweruka linalo ndinafunsa za chingwe, kuti chikaduka chimapezeka kodi. Anati ndafunsa munthu woyenera. Anandiuza za mwana wawo wamkazi amene ndi nesi, za bondo lawo limene limalosera mvula kuposa wailesi, za mayi akunyumba amene amati tsiku lina adzawapeza atadzimanga okha ndi katundu wawo. Inenso ndinawauza za inu, kuti munkandimeta ndi lumo la telala mpaka kundisiya zigamba. Mawu anga ankatuluka osasa, chifukwa sabata yonse ndinali nditangolankhula ndi wogulitsa buledi.

Sabata yatha ndinalowanso ndi funso lina. Anatulutsa kabokosi kaja pansi pa kauntala.

"Mayi, makutu anu anasankha tsiku loyamba lomwe lija. Katsala kamodzi, ndipo pali wina akukafuna. Ndakhala ndikukubisirani."

Ndinayamba kufufuza m'chikwama. Iwo anatsitsa mawu.

"Tiyi sindigulitsa. Mukhoza kumabwera ngakhale simukugula kanthu."

Ananena mwaulemu ndithu, koma ine manyazi anandigwira ngati andipeza ndikusuzumira pazenera la eni. Ndinalipira, ndinathokoza mobwerezabwereza, n'kutuluka ndisanamalize tiyi.

Dzulo ndinavala bwino n'kupita mpaka mumsewu uja. M'sitolo munali anthu, ndipo Bambo Zingwe ankaveka munthu wina mahedifoni uku akuseka. Ndinalibe funso lililonse. Ndinaima pa telala n'kumayang'ana nsalu zimene sindikufuna, kenako ndinabwerera. Mwina sabata yamawa.

Kabokosiko kakugwira ntchito, musadere nkhawa. Abwana analemba kuti, "Tsopano zili bwino." Koma kakundimvetsa zinthu zimene sindinkazimva. Kuseri kwa mawu a anthu kuli mpando ukulira, sipuni ikugunda kapu, mwana akuitana amake pabwalo, wina akutseka chitseko ndi phazi. Nthawi zina ndimabweza m'mbuyo ngakhale mawu onse ndawataipa kale. Ndikavula mahedifoni, m'chipinda muno mumangoti zii.

Ndiye ndili ndi pempho, ndipo musandiseke. Lamlungu likubwerali, mukakhala pa chakudya, muike foni patebulo n'kuyamba kujambula mawu. Ana musawauze, chifukwa akadziwa aima mowongoka n'kumati "moni azakhali" ngati ali pa mzere kusukulu. Ndikufuna kumva amapasa anu akulimbirana mpando wapakhomo, alamu akufunsa amene wasuntha rimoti, amayi akudandaula kuti mchere wachepa pomwe adokotala anawaletsa. Musadule kalikonse, ngakhale pamene aliyense wangokhala chete n'kumatafuna. Foni ikadzaza, munditumizire.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato anandisankhira zija zikadali zolimba. Amapasa muwatsine masaya m'malo mwanga, ndipo mchimwene wawo wamkuluyo mumuuze kuti ndamva zoti mawu ake ayamba kukula, ndikufuna ndidzimvere ndekha. Amayi musawauze za kuntchito. Muwauze kuti ndanenepa, ndili ndi anzanga ambiri, ndipo Loweruka lililonse ndimakamwa tiyi kwa anthu.

Inu mundiyankhe mukapeza mpata. Musafulumire, ine ndimakhala ndilipo.

Ndine mng'ono wanu,
amene munkam'bereka kumsana