Ukwati wa Nasoni wa mu Filimu

Chilomoni,
Blantyre.
15 Juni 2013

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi bondo lija likuvutabe m'mawa kukazizira? Amayi anandiuza kuti mankhwala munasiya ululu utangochepa. Malizani monga anakuuzirani ku chipatala ku Kabudula, chifukwa kuchepa kwa ululu si kuchira. Ine kuno ndili bwino. Chiperoni chatikwana, zovala sizikuuma, ndipo ku ntchito magazi a malungo achepa, achuluka ndi odwala chifuwa. Ndamva kuti mabelo anu afika ku Kanengo. Mudzandiuze mmene ayendere.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani ya mlongo wanga Tisiyenji ndi bwenzi lake Nasoni ikufunika muiwerenge mutakhala pansi. Mmene ndamvera ndi motere. Anyamata anaonera ku vidiyo ya pa Nsaru filimu ina imene ikuonetsa Nasoni akumanga ukwati ndi mkazi wovala velo. Nkhani inafika ku mpingo, ndipo a malume a Wyson akuti chikole chibwezedwe, chinkhoswe cha mu Ogasiti chilekeke. Akuti akungodikira mawu anu, popeza za mbumba ndi zawo koma za mpingo ndi zanu. Tisiyenji sanandipemphe kuti ndilembe. Nditamuimbira anangoti mawa akukumba mbatata, n'kudula foni.

Filimuyo ine ndaionera yonse, ndipo amene anaijambula ndimawadziwa. Tili ndi kagulu kathu kuno ka anthu okonda mafilimu. Timakumana Loweruka masana, osati pa Sabata, kunyumba kwa mayi Ethel, namwino amene ndimagwira nawo ntchito. Iwo ndi a Mvano, amene kwathuko timati Chigwirizano. Amabweranso a Obadiya, mphunzitsi wa ku sekondale, ndi a Duncan, amene amajambula maukwati ndi maliro pa kamera. Timaonera, tikatha timatsutsana mpaka tiyi atazizira.

Masabata apitawa taonera mafilimu atatu. Yoyamba inali ya ku Nigeria, ya mitala. Mayi Ethel anaikonda chifukwa mkazi woipa analangidwa kumapeto. A Obadiya anati iwo anangoona anthu akukalipirana m'nyumba zazikulu zopanda khitchini. Yachiwiri inali ya karati ya ku China, yomasuliridwa m'Chichewa ndi mnyamata wina amene amaikamo zake. Asilikali akukwera phiri, iye akuti akupita ku Ntcheu kukagula kachewere. Anzanga anaseka mpaka misozi. Ine ndinati kumeneko si kumasulira, ndipo anandiyankha kuti ndimaonera filimu ngati ndikuyeza magazi. Yachitatu ndi ya Nasoni, imene anaijambula ndi a Duncan omwewo.

Nkhani yake ndi yakale. Mnyamata achoka kumudzi, asiya chibwenzi, afika m'tauni, akwatira mwana wa munthu wolemera, zinthu zimuipira, abwerera kwawo ndi jumbo yokha. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu kwathuko yawakhudza. Aliyense pa Nsaru akudziwa mtsikana amene anasiyidwa motero, ndipo ataona nkhope ya Nasoni sanafunenso kufunsa zambiri.

Monga filimu, ndi yosakoma, ndipo izi tinawauza a Duncan pamaso. Mawu amasowa pena ndi pena, nkhuku imodzimodzi ikuoneka kumudzi ndi m'tauni momwe. Koma chimene tonse tinagwirizana n'chakuti wolephera kwambiri ndi Nasoni. A Obadiya anati pa ukwatipo mkwati waima ngati munthu wodikira jakisoni. Mayi Ethel anaona kuti poveka mphete akuyang'ana pa zenera, ndipo pamene akuyenera kuuza mkaziyo kuti amamukonda, akulankhula ngati akuwerenga mitengo ya misomali. Pali malo amodzi okha pamene akuoneka munthu wamoyo: akuwotcherera geti ya apongozi ake a mu filimuwo. Pamenepo anaiwala kamera, chifukwa kuwotcherera ndiyo ntchito yake ya masiku onse ku Ndirande.

A Duncan sanakane. Anati amene anayenera kukhala mkwati anathawa atapeza ganyu, suti inali itabwerekedwa kale, ndipo mwa anyamata onse amene anaiyesa inamukwana Nasoni yekha.

Ndinawafunsa a Duncan zonse bwinobwino, ndipo anandionetsa zithunzi zimene sanaziike mu filimu. Tchalitchicho ndi kalasi ya sukulu ina pa nthawi ya holide. Bolodi anaiphimba ndi nsalu. Abusawo amagulitsa nsapato za kaunjika ku Limbe, ndipo kolala yawo anaidula ku botolo loyera la pulasitiki. Mkwatibwi ndi mayi wa ana atatu, mwamuna wake ndi uja wamtali woimba besi mu kwaya. Panalibe kulengeza, panalibe ankhoswe, panalibe mtchatho. Inu mwakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, mukudziwa kuposa ine kuti popanda zimenezi palibe ukwati.

Palinso ichi. Pofika pa malumbiro, khanda la mkwatibwi linali likulira kwambiri, mayiyo n'kupita kukayamwitsa. Dzuwa linali likupendeka, ndiye a Duncan anaima pa malo pake ndi kamera paphewa, namuuza Nasoni kuti alumbire akuyang'ana iwowo. Nkhope ya mkazi anailumikiza pambuyo pake. Choncho mawu amene anthu anamva pa Nsaru, Nasoni ananena kwa bambo wa ndevu, wa dazi, wa ana asanu. A Obadiya anati ngati malumbirowo agwira, ndiye kuti mlamu wathu ndi a Duncan, ndipo a malume a Wyson akambirane ndi iwowo.

Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Mayi Ethel sanaseke nawo. Anadikira kuti tithe, kenaka anandiuza kuti: "A Bizwell, bambo anu si mwana. Akudziwa kuti ukwati panalibe. Chimene chawapweteka n'chakuti mnyamatayo anati pamaso pa Mulungu, akusewera."

Ndinabweza filimu kuti ndimve ndekha. Mawuwo alimo, ndipo liwu ndi la Nasoni. Sindikubisirani zimenezi. A Duncan anavomera kuti malumbirowo anawatenga monga amawamvera m'maukwati amene amajambula, osachotsapo kanthu, kuti zioneke zenizeni.

Apa ndi pamene tinatsutsana kwambiri. A Obadiya anati sewero ndi sewero, ndipo mpingo womwewo umachititsa masewero pa Khirisimasi chaka chilichonse. Anafunsa ngati kwathu kulibe munthu amene amakhala mfumu ija yolamula kuti makanda aphedwe. Ndinawauza kuti kwathu mfumuyo munali inu, kuyambira muli mnyamata mpaka ine nditayamba sukulu. Ndimakumbukira chisoti chachifumu cha katoni, chitenje chofiira paphewa, ndi mmene munkamenyera ndodo pansi mpaka ana a Sande sukulu kuthawira kwa amayi awo. Amayi anandiuzapo kuti chaka chimene munapereka chikole, agogo anakhala kutsogolo n'kukuonerani mukulamula zoopsazo, ndipo atatuluka anangoti mnyamatayu ali ndi mawu abwino a ulaliki.

Mayi Ethel anayankha kuti zimenezo n'zosiyana. Mfumu ya pa Khirisimasi imaseweredwa kuti anthu aphunzire, ndiponso sitchula dzina la Mulungu polumbira. A Obadiya anati filimu ya a Duncan nayo ikuphunzitsa, kungoti ikuphunzitsa moipa. Sanagwirizane. Ine ndikuona kuti kusiyana kulipodi. Kukula kwake sindingakuyezereni. Zimenezo ndi za inu akulu a mpingo. Chimene ndinganene n'chakuti ngati pali mlandu, ndi wa kutchula dzina mosasamala, osati wa kusiya Tisiyenji. Milandu iwiriyi zilango zake sizifanana.

Lachiwiri ndinapita ku Ndirande kukamuona Nasoni. Ndinamupeza akupanga mafelemu a mazenera. Sindinamuuze kuti ndilemba kalata. Ndinamufunsa chifukwa chake sanamudziwitse Tisiyenji za filimuyi. Anati ankachita manyazi, ndiponso a Duncan anamutsimikizira kuti mafilimu awo sadutsa pa Zalewa. Iyi ndi yoyamba kudutsa. Za malumbiro anati sanaganizepo, maganizo ake onse anali pa nsapato zimene zinkamuthina. Anati ngati mungafune, abwera kudzaima pa bwalo la mpingo ndi kulandira chimene mungagamule. Anafunsanso ngati Tisiyenji akudya. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Mukudziwa kuti ine Nasoni si mnzanga. Sawerenga, sakonda kufunsa, ndipo tikakhala limodzi nkhani imatha msanga. Kusamuuza Tisiyenji kunali kupusa, ndipo zimenezi ndinamuuza Nasoniyo pamaso. Koma ndaonera mafilimu ambiri, ndipo munthu wodziwa kunamizira ndimamuzindikira. Uyu anapatsidwa suti, mawu olembedwa kale ndi mpata wobwereza mpaka akhoze, koma analephera kuuza mkazi wina kuti amamukonda mwa njira yoti ngakhale mwana akhulupirire. Kwa wopanga filimu limeneli ndi tsoka. Kwa munthu wofuna mkamwini, ine ndikanaliwerengera mbali ina.

Pempho langa ndi limodzi. Musawayankhe a malume musanaonere filimuyi nokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakadali pano mwangomva za anthu amene anamva kwa anyamata. Chimbale ndachikulunga m'kalata momwemu. Ndikudziwa kuti ku vidiyo ya pa Nsaru simungalowe, poti mwakhala mukuletsa achinyamata kupitako. Ahedi ali ndi wailesi ya kanema ya sola, ndipo sangakukanizeni. Mupite ndi amayi, ndipo Tisiyenji akhalepo, chifukwa mpaka lero palibe amene wamufunsa maganizo ake. Ndi yaitali ndipo idzakutopetsani. Pamene mawu asowa musaganize kuti makina awonongeka.

Poonera, kwaya ndi abusa a nsapato muwasiye, muyang'ane nkhope ya mkwati. Mukaona kuti nkhope imeneyo ingathe kunamiza mwana wanu, auzeni a malume abweze chikole, ine sindidzatsutsa. Mukaona zimene tinaona ife kuno, muitaneni mnyamatayo ku bwalo la mpingo, mumudzudzule za dzina la Mulungu monga kuyenera, ndipo chinkhoswe chikhale pa tsiku lake.

Mundiperekere moni kwa a malume a Wyson ndi akazi awo, kwa azakhali ku Nambuma, ndi kwa Ulemu, amene ndikuyembekeza kuti mayeso akukonzekera. Tisiyenji mumuuze kuti mbatata asagulitse yonse. Amayi muwapatse moni wapadera, ndipo muwafunse ngati chisoti chija cha katoni chikadali pansi pa sutukesi. Ine ndinachiona komaliza pa Khirisimasi, atachikulunga bwino m'chitenje chofiira.

Ndine mwana wanu,
Bizwell