Chingwe cha a malume ndi msewu wa pa ayezi

Amayi anga, kukucha bwanji kumene muliko? Ine kuno ku Dubai ndili bwino, kungoti thukuta lokhalokha monga mwa masiku onse.

Ndiyambe ndi za kumudzi, ngakhale mwina inu mukuziona bwino kuposa ine amene ndimangozimvera pa foni. Mlongo wanga Agnesi wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti akakwiya amakweza nsidze imodzi ngati inu, moti alamu anga ayamba kale kumuopa. Kachewere wa kudimba kwanu wachita bwino chaka chino, koma mbuzi ija munkaitcha Mlandu yadyanso kabichi wa eni ake. Dzina lija simunaphonye.

Kuno zinthu zathina. Akuti chuma cha dziko lonse lapansi chagwa, ndipo nyumba zitalizitali zomwe tinkatutira simenti zangoima theka, makireni okwezera katundu m'mwamba ali chilili osagwedezeka. Anthu akusiya magalimoto pa bwalo la ndege, makiyi ali momwemo, n'kuthawa. Kampani yathu yatseka, thiraki yanga ili mumpanda, fumbi lili mbuu. Kuno ntchito ikatha viza nayo imatha, ndiye posachedwapa andiuza kuti ndizipita.

Tsono bwana wathu wakale, wa ku Canada, wandiitanira kwawo. Kumpoto kwa dziko lawo kuli migodi kumene msewu sufika. Amadikira nyengo ya chisanu kuti nyanja ziume gwa, zisanduke ayezi, kenako mathiraki amadutsa pamwamba pake atasenza dizilo, simenti ndi makatapila. Inde Amayi, pamwamba pa nyanja. Woyendetsa wake ndi mwana wanu yemwe uja munkamuletsa kukasamba ku Linthipe, mukuti, "Dalitso, iwe ndiwe mwala, madzi sakudziwa." Kusambira sindinaphunzirebe mpaka lero.

Malamulo ake ndi ozunguza mutu. Lamba osamanga, kuti pakavuta udumphe msanga. Kuima pa nyanjapo ayi, chifukwa ayeziyo amatopa nawe. Kuthamanga ndiye mlandu waukulu, akuti madzi a pansi amachita funde n'kuswa ayezi kutsogolo kwako. Apa ndinakukumbukirani, mmene munkakuwira ndikamatsetsereka ndi njinga, "Ukuthamangira chiyani, kumene ukupitako kukusamuka?" Ndiye akuti ayeziyo amalira thethethe njira yonse, koma ukamva choncho usaope, ndi mmene amachitira.

Za kuzizira ndinadzitama kuti ndine wa ku Dedza, Juni ndimamudziwa. Mnzanga Tembo wa ku Chipata, amene amagwira ntchito m'chipinda chozizira chosungiramo nkhuku ku Dubai Investments Park, anangoseka. Anandiveka majuzi atatu, n'kutsegula chitseko, amvekere ndi Chiarabu chake chotolera, "Yalla habibi, tiye mnzanga, ngena tione Dedza yako." Amayi, ndisaname, mamina anauma m'mphuno. Ndinati ndiimbe nyimbo ya kwaya ija munkaikonda kuti ndilimbe mtima, koma milomo inakana. Ndinagogoda chitseko vesi yoyamba isanathe. Tembo anati ku Canada kumazizira kuposa pamenepo, ndipo kulibe chitseko chogogoda.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi alongo anu, a malume a Chidzanja. Nditawauza pa foni, sanafunse za malipiro kapena za chisanu. Anangoti, "Ukamira kumeneko, ife tidzaika chiyani m'manda?" Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Akuti mwini mbumba ndi iwowo, ndipo pa mtundu wathu palibe amene anatsakamira m'madzi ngati nsomba. Malo anga alipo kale, kumanja kwanu, pansi pa msuku uja. Mukudziwa kuti thupi likasowa anthu amaika thunthu la nthochi m'malo mwake. A malume akuti iwo ali moyo, pambali pa mlongo wawo sipadzagona nthochi.

Pa maliro anu sindinabwere, kampani inakana kundipatsa pasipoti yanga, ndipo zimandiwawabe. Kuti ndilepherenso kachiwiri, n'kukutumizirani nthochi, mtima sukulola. Koma ndikabwerera kumudzi chimanjamanja, ana anga adya chiyani?

Tinakangana mpaka mayunitsi kutha. Mawa lake a malume anagamula kuti ndipite, bola ndizimanga chingwe m'chiuno, nsonga inayo ndizimangirira ku thiraki ya m'mbuyo, kuti zikavuta anzanga adzangokoka. Ndinawafotokozera kuti pa ayezi mathiraki amatalikirana, mwina ngati kuchoka kwathu kukafika ku chigayo. Iwo anati, "Ndiye chingwecho chikhale chachitali."

Ine ndinkayesa nthabwala. Dzana kunabwera nesi wina wa kwathu wogwira ntchito kuno, amene anali ku tchuthi kumudzi, akuti ali ndi katundu wanga. Ndinathamanga, m'maganizo muli ufa ndi usipa. Ndinapeza chingwe cha khonje chodzaza chikwama, ndipo mayiyo akuti pa bwalo la ndege anamufunsa mafunso mpaka kulumbira kuti sadzanyamuliranso munthu. Agnesi akuti madalawo akhala pakhonde masiku onsewa akupota okha, nyamakazi ili m'zala, ndipo khonje wa m'malire mwa munda wanu watha yense. Tembo anaseka mpaka kugwa pabedi. Ine ndinaseka nawo, kenako ndinapita kubafa kukalira.

Ndiye ndikupita, Amayi. Chingwecho sichingafike ku thiraki ya m'mbuyo, ndikudziwa, ndipo anzanga a kumeneko akachiona adzaseka mpaka misozi kuuma m'masaya. Aseke. Nsonga imodzi ndizimanga m'chiuno, mkati mwa jekete, chotsalacho chizikhala pa mpando wa pambali panga. Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Pa malo anga paja musalole munthu. Ndikulonjeza kudzagonapo ine mwini wake, wathunthu, wosanyowa, koma musandiyembekezere msanga, ndidzachedwa dala.

Ndine mwana wanu wokukondani kwambiri,
Dalitso